Zipembere za ku Turffontein

Bwalo lija lero ndi poimika magalimoto.
Pamene panali mzere wapakati
mtsikana akugulitsa magwinya ndi mayunitsi,
osadziwa kuti waponda pomwe Motsamai anathyoka nthiti.

Ine ndinali wochapa.
Ndinafika ku Joni ndi pasipoti ya masiku makumi atatu
ndi nambala ya mlamu amene sankayankha foni.
Ntchito inandipeza pageti:
umatha kuchotsa magazi pansalu yoyera?
Ndinati eya. Linali bodza.
Madzi ozizira ndi mchere ndizo zinandiphunzitsa.

Mpira wake wosongoka uku ndi uku ngati papaya,
amaunyamula m'khwapa, n'kumautchabe wamiyendo.
Ndinaseka sabata yathunthu.
Zimphona zovala zisoti zolimba ngati chigoba cha kamba,
kuwerama, mbuyo kumwamba, wina n'kufuula manambala,
kenako gu! ngati atonde awiri pachulu.
Wezulo. Aima. Anong'onezana. Ayambiranso.

Mwini wake ankagulitsa matayala ku Booysens.
Anapita ku Amereka kamodzi kokha
n'kubwerako ndi malungo amenewa.
Chaka choyamba tinapambana kawiri.
Chaka chachiwiri mphunzitsi anaona Kalikokha wa ku Mponela,
mlonda wausiku, akusuntha yekha diramu yamadzi,
anamuveka nambala 58
ndipo anthu anayamba kulipira pakhomo.

Amalawi ankabwera Loweruka,
a m'magadeni, a m'makhitchini, osoka nsapato ku Jeppe,
malamulo osawadziwa ngakhale limodzi.
Kalikokha akagwetsa munthu, nthungululu.
Akagwetsedwa iye, ati oyimbira wadya ziphuphu.

Chaka chachitatu tinafika ndime yomaliza.
Kunagwa matalala, bwalo lonse phala.
Tinatsala ndi phazi limodzi,
phazi limodzi lokha kuti mpira udutse mzere.
Usiku umenewo ndinachapa majezi makumi anayi ndi asanu
ndipo m'chipinda munalibe woyankhula,
makina okha, kuzungulira, kuzungulira.

Timu sifa ngati munthu.
Palibe uthenga, palibe masamba pamsewu, palibe adzukulu.
Basi ya ku Pretoria inangosiya kubwera.
Magetsi anadulidwa.
Lolemba lina ndinapeza loko watsopano pageti
ndi pepala lomwe mvula inali itawerenga kale.

Malipiro anga a miyezi itatu ali komweko mpaka pano.
Zisoti zinagulidwa ndi anyamata anjinga zamoto.
Motsamai amayendetsa takisi ya ku Bara,
akatsokomola amagwira kumanzere.
Kalikokha anamukweza basi ya ku Lindela,
foni yake imayankhidwa ndi mayi wolankhula Chizulu.

Jezi yake inatsala pachingwe kuseri.
Ndinadzilipira nayo.
Ndinaitumiza kumudzi m'katoni ya mafuta ophikira,
mwana wanga amavala popita kuchigayo,
imamufika m'mawondo.
Anzake ati afufuza pafoni, timu yoteroyo kulibe,
bambo ako anangotola pakaunjika.

Muwauze ayang'ane paphewa lakumanja, Tiyanjane.
Pali dontho lofiirira, kukula ngati khobidi.
Ndinalinyika kanayi.
Ndinalithira mchere, mandimu, sopo wa njerwa.
Mwini magaziwo ndikumudziwa,
tsiku ndi mphindi yomwe,
ndi amene anamugunda.

Woyang'anira magalimoto akundifunsa ngati ndataya kanthu.
Ndati ayi, mfowethu, ndikungowerenga mapazi.
Kuchoka pa Toyota yoyera iyo
kufika apa.