Zilembo Zisanu ndi Zitatu

Ine ntchito yanga ndi kutayipa.
Ku ofesi ya khonsolo pa boma la Salima
kuli fani imodzi yomwe imangotakasa kutentha,
pansi pakepo ndi pamene ndimakhala.

Lachiwiri anandipatsa ndondomeko
ya mwambo wolumbiritsa wapampando watsopano.
Nyimbo ya fuko.
Pemphero lotsegulira: Abusa Kamtedza.
Dua: Shehe Lajabu.
Mawu a mlendo wolemekezeka. Zoziziritsa kukhosi.
Ndinasindikiza makope makumi asanu ndi atatu,
inki ili pafupi kutha.

Lachitatu a Gomile a chipani chopambana
analowa osagogoda, thukuta lili kamukamu.
Kodi mbusa ameneyu, iwo akutero,
si uja anakaika maliro ku Kaphatenga
mipingo itatu itakana?
Mnyamata uja ankakhala ndi mwamuna mnzake?
Anaima pamtumbira n'kumutcha mwana wa Mulungu,
anthu akumva ndi makutu awo.
Ndiye abwana alumbire m'manja mwa ameneyo,
mawa wailesi inene kuti khonsolo yavomereza za mathanyula?

Pofika masana a chipani chogonja anali atatumiza mawu:
akangoti tiyeni tipemphere, ife tituluka.
Achinyamata a bungwe lina nawonso:
mukamuchotsa tibwera ndi zikwangwani.
Aliyense anali ndi chiopsezo chake m'thumba.
Dzina la womwalirayo palibe analitchula.

Anali Tsogolani.
Telala wa pakhonde la sitolo ya mpunga, kufupi ndi njanji.
Ulusi ankadula ndi mano, sizasi ili pambali pomwepo.
Ndiye anandisokera diresi yobiriwira
ya pa chinkhoswe cha mng'ono wanga,
n'kundichotserako mtengo poti mwezi unali pakati.
Kumaliro kwake sindinapite.
Ndinati mutu ukundiwawa,
ndipo pofika madzulo unayambadi kuwawa.

A Gomile anaima kumbuyo kwa mpando wanga.
Batani lofufutira limayambira kumchira:
Kamtedz
Kamte
Ka
kenako mbee, ngati panalibe munthu.
Chala chimodzi basi, chamkombaphala,
chomwechi ndimalozera nacho vesi Lamulungu.

Lachisanu pabwalo panamangidwa tenti.
Anapemphera ndi mneneri wa nsapato zosongoka,
mphindi makumi awiri, mpaka fanta anafunda.
Anamanga ziwanda za chilala, za ngongole, za kunja,
anadalitsa galimoto ya wapampando ndi matayala omwe.
Achinyamata a zikwangwani anabwera anayi,
mmodzi atavala chipewa chobisa nkhope.
Palibe anatuluka.

Abusa Kamtedza anafika pa kabaza,
buluku atalipinda mwendo umodzi kuopa tcheni.
Anakaima padzuwa ndi anthu wamba,
pakati pa mayi wa mango ndi mwana wogulitsa madzi.
Wapampando atakweza Baibulo
n'kulonjeza kutumikira anthu onse mosakondera,
ndinamva ameni mmodzi wochokera kumbuyoko,
wosakweza, wosanyoza,
ngati munthu amene akusunga lisiti.

Atandiona anangoti, Mayi Nachisale,
diresi yanuyi anaisoka bwino.
Ndinayang'ana pansi.
Ndinali nditaivala osaganiza,
kapena ndinaganiza, sindikudziwa.

Makope akale aja mesenjala sanawotche.
Anakagulitsa kwa okazinga tchipisi pa depoti,
ndipo sabata yonseyi Salima akudyera papepala langa.
Dzulo ndinagula zigege zitatu.
Mafuta analowerera, pepala n'kuyamba kuonekera kuseri,
mlendo wolemekezeka atasungunuka ndi tsabola,
koma mzere wachiwiri unatsala wowerengeka:
Pemphero lotsegulira,
ndi zilembo zonse zisanu ndi zitatu.

Ndinalipinda kanayi.
Lili m'chikwama, pafupi ndi chiphaso cha ntchito,
ndipo likuthimbiriritsa chilichonse chomwe lakhudza.