Kuchoka pa Bedi Kukafika pa Ketulo

Lachiwiri madzulo ku Zutphen
timakumana anayi m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi,
njinga zathu zitatsamirana panja m'chifunga.
Muno mumazizira.
Aliyense amayamba wafunditsa mutu wa chitoliro m'khwapa
ngati dzira loopa kusukusa,
apo ayi mpweya umasanduka mame m'kati mwa mtengo
ndipo mawu amatuluka osasa.

Lero Tjitske wabwera ndi mapepala atsopano.
Akuti ndi sarabandi, gule wamakedzana
wa anthu ovala nsalu zolemera
amene sankathamangira kulikonse.
Mapazi atatu, lachiwiri lokoka.
Koma iyi ndi yake, wailemba mu Januwale,
ndipo muli mawu ena ogundana mitu
amene makolo aja akanawatsekera kunja.

Femke, wa zaka khumi ndi zinayi,
kachitoliro kake kakuthwa ngati singano,
amafika kutsidya ife tikadali pakati pa mlatho.
Gijsbert, amene anazula mano a theka la tauni ino asanapume pa ntchito,
wakumbatira chitoliro chachitali kumposa,
choyankha mochedwa
monga ng'ombe yoitanidwa kutsidya la mtsinje wa IJssel.
Ine changa n'chapakati. Ndikalakwitsa sizidziwika msanga.

"Mukuthamanga," akutero Tjitske.
Kachitatu konse.

Kenako wasiya chitoliro pa mpando,
wayenda kuchoka pa zenera kukafika pa chitseko:
kuponda, kukoka, kuponda.
Mayendedwe amenewo tonse tikuwadziwa.
Ndi a bambo ake, a Roelof,
chigwereni m'khitchini chaka chatha,
mwendo wamanzere ukutsalira m'mbuyo
ngati mwana wokana sukulu.

"Ndinawawerengera," akutero,
"kuchoka pa bedi kukafika pa ketulo.
Mapazi makumi anayi ndi asanu ndi atatu.
Apa pamene sindinalembepo kanthu
ndi pamene amaima n'kugwira mpando."

Palibe wayankha.
Paipi ya madzi otentha ikugogoda m'khoma.
Gijsbert akupukuta magalasi oyera kale.

Tayambanso.
Femke wameza liwiro lake, masaya afiira,
ndipo ndikumva momwe kuchedwa kumalemerera:
kumafuna mpweya wonse wa m'chifuwa
ndi wina wobwereka.
Mawu ogundana aja afika, ndipo sakupwetekanso khutu,
angokhala bondo lokana kupinda.

Pa malo opanda kanthu paja taima,
zala zili pa mabowo, milomo pa mtengo,
anthu anayi osapuma,
kudikira nkhalamba imene mulibe muno
kuti isiye mpando.

Isiya.
Mapazi asanu ndi anayi otsala tawaperekeza pang'onopang'ono,
Gijsbert pansi penipeni, ngati simenti yoponderapo.

Tjitske walemba kena kake ndi pensulo m'mphepete mwa pepala.
"Mawa ndikawerenganso," akutero.
"Dzulo anafika ndi makumi anayi ndi asanu."