Mwana wa Wowolotsa

Bambo anga ankawolotsa anthu pa Sun Kosi
m'bwato losema, la mtengo umodzi.
Dipo sankalandirira padoko ayi.
Ankadikira mpunga uche,
n'kumayenda khomo ndi khomo, thumba paphewa.
Kenaka boma linapachika mlatho wa zingwe
pamwamba penipeni pa doko lathu,
anthu n'kuyamba kutiona paliwombo.
Bwato linagona chafufumimba kuseri kwa khola,
nkhuku zikuikira kunsi kwake.

Ine Sabitra, mwana wawo wachitatu,
amene amayi ankandimanga chingwe m'chiuno
kuti ndisakwawire kumadzi,
lero ndimakhala kumbuyo kwa bwato la mphira
ndi alendo asanu ndi mmodzi odzola mafuta a dzuwa,
olipira ndalama kuti achite mantha.
Ndimawaphunzitsa kugwira nkhafi.
Ndimati: ukagwa, gona chagada, mapazi patsogolo,
usaime, mwala ungakutsekere phazi.
Amaseka. Mathithi oyamba akawapaka thovu kumaso
kuseka kuja kumatha.

Mvula itakata chaka chino
bambo anangotulukira pamchenga tikupopa bwato,
ng'ala itayera mbuu m'diso lamanja.
Anagogoda mphira ndi ndodo.
Akuti, ichi ndi chibaluni, si bwato.
Koma jekete anavala,
chisoti chachikasu n'kuchikhazika pamwamba pa kapusi wawo.
Nkhafi anakana. Anakhala pafupi nane,
khutu atatchera kumadzi.

Tinayenda bwino mpaka masana.
Ankatchula dziwe lililonse dzina lake,
pamene panamira njati ya a Lok Bahadur,
pamene ankatchera ukonde ndi malume.
Ndiye tinamva kulindima kuseri kwa phiri,
paja mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe
madzi ochokera ku chipale n'kuwira ngati ali pamoto.
Mingma anatsogola pa kayaki yake yofiira,
anazimirira m'thovu, anatulukira kunsi, nkhafi m'mwamba.

Kumanzere! anatero bambo.
Dzanja lawo linandifinya bondo.
Kumanzere, mwana iwe, kumanja kuli dzenje!

Zaka makumi anayi akhala akudziwa malo ano.
Koma ine ndinayenda m'mphepetemu dzulo,
ndinaona chimwala chimene chigumula chinagubuduza
chitatseka njira yawo yakale,
madzi akudzipinda kuseri kwake ngati chingwe.
Kuyankha mkulu sindinaleredwe nako.
Ndinangotsamira pa nkhafi ndi thupi lonse,
n'kukuwa ndi mawu amene sanawamvepo kunyumba:
Palasani! Palasani! Pansi nonse!

Bwato linaima chilili.
Funde linatikhuthukira khuvu,
kuzizira kwake kolasa m'mano.
Mzungu wina anataya nkhafi, akuitana amake.
Tinakhula thanthwe, mphira n'kulira,
tinazungulira kamodzi,
kenaka zii.
Dziwe lobiriwira, mbalame pamwala ikugwedeza mchira.

Alendo anaombanitsa nkhafi m'mwamba.
Bambo sanayankhule.
Madzi ankatsika m'ndevu zawo.
Anacheuka ndi diso lotsalalo
kuyang'ana kumanzere kuja,
kumene chipika chinali kuvina m'dzenje osatuluka.

Mwala uja anauika ndani?
Ndinati, chigumula cha chaka chatha, bambo.
Anagwedeza mutu nthawi yaitali.
Akuti, paja amati madzi saiwala khwawa.
Awa aiwala.
Dzanja silinachoke pabondo panga,
koma tsopano linali litangogona.

Madzulo pamchenga, tiyi wa mkaka ali m'manja,
alendo akuonetsana zithunzi,
anandikokera pambali
n'kuyamba kumasula mfundo ya lamba wawo wansalu
mmene amasungamo makobidi a fodya.
Wandiwolotsa, anatero. Ndi zingati?

Ndinayang'ana zala zawo zokhota,
zokhota mofanana ndi mpini wa nkhafi.
Ndinati, mangani, bambo.
Ndidzabwera ndi thumba mpunga ukacha.