Isakhudze Pansi

Loweruka dzuwa likapendeka
ndimatseka shedi yanga yowotcherera zitsulo
n'kukwera chitunda cha ku Makata,
mbendera ili m'jumbo, jumbo ili m'khwapa.
Mlongoti wathu ndi paipi yakale ya madzi.
Kambedza kokolekapo chingwe ndinawotcherera ndekha.

Ana makumi awiri ndi anayi, ena miyendo ili mbuu,
amafola kuseri kwa kalasi yopanda chitseko.
Ndimati: Zipewa vulani. Chingamu lavulani.
Twaibu, tulutsa manja m'thumba,
suli pamzere wa kuchigayo.
Chakuda chikhale pamwamba, ndi dzuwa lake;
mukaitembenuza, mwalowetsa dzuwa kusanache.
Ikamakwera imani njo,
ngakhale ntchentche itere pamphuno.
Ndipo lamulo lalikulu ndi ili:
isakhudze pansi.

Tsiku lophunzira za boma
ndinabweretsa kampando ka miyendo itatu.
Uwu ndi wa opanga malamulo, ndinatero,
uwu wa oyendetsa dziko, uwu wa oweruza milandu.
Wina ukafupika, wokhalapo amapita chagada.
Fwasani anakweza dzanja:
Nanga bomalo limagona kuti?
Ine ndimangoliona pa lole
likuthamangitsa amayi a tomato ku Limbe.
Phwete! Gulu lonse.
Ndinaseka nawo, ngakhale sindinayenere.

Sigele sanaseke.
Ndi kamtsikana kosayankhulayankhula,
kamene kamabwera ndi mng'ono wake kumbuyo.
Anati: Atsogoleri, mwati isakhudze pansi.
Amayi anga atagonekedwa ku Gulupu
anagona pasimenti, pachitenje chimodzi,
masiku asanu ndi limodzi.
Iwowo si Malawi?

Ndinazima ngati makina anga magetsi akathima,
chitsulo chili chofiira, ntchito ili pakati.
Ndinayang'ana phiri la Ndirande,
phiri linangondiyang'ananso.
M'kabuku kanga ka atsogoleri
muli kapindidwe ka nsalu, muli kaimidwe ka mapazi.
Za simenti ya m'chipatala mulibe.
Ndinati: Nthawi yatha, tidzapitiriza.
Bodza. Dzuwa linali likadalipo.

Sabata yonse ndinawotcherera mageti a eni ake
funso lija likundithethekera m'maso.

Loweruka linalo ndinagula pepala ndi envulopu.
Ndinati: Nzika si munthu wongoima njo.
Nzika imafunsa, ndipo pansi pa funso imalemba dzina lake.
Tilembera kalata a khansala.
Panabuka mkangano.
Twaibu ankafuna mpira wachikopa,
ena ngalande ija imatilavulira zinyalala mvula ikagwa,
Sigele mabedi.
Tinavota pokweza manja.
Fwasani anakweza awiri, anzake anamugwira,
anamuimba mlandu pomwepo pansi pa mlongoti,
woweruza ali mwana wa sitandade faifi
wa malaya obooka paphewa.
Ngalande inapambana ndi mavoti atatu.
Sigele anameza malovu, natenga cholembera,
nalemba kalata ya ngalandeyo ndi dzanja lake
poti ndiye amalemba zowerengeka.
Kumapeto anawonjezera kamzere kake ka mabedi.
Ndinakaona. Sindinafufute.

Papita masabata asanu ndi awiri.
Yankho silinabwere.
Amandifunsa Loweruka lililonse tisanafole,
ine ndimati maofesi ali ndi mayendedwe awo.

Dzulo mvula inatsika phiri mosagogoda.
Tinathamangira kutsitsa mbendera,
chingwe chowola chija n'kuduka, thapu,
nsalu n'kumabwera yokha ndi mphepo
kulunjika m'matope a pamalo ochitira asembule.
Sindinaitane munthu.
Ndinangoona Sigele wadumpha, mwana ali kumbuyo,
waiwakha ndi manja onse, mawondo ake ali m'thope.

Anaipinda pakhonde monga ndinawaphunzitsira,
ngodya ndi ngodya, osapupuluma,
nandipatsa ikudontha madzi.
Anati: Sinakhudze.
Kenaka, akumangitsa nsalu ya mng'ono wake pachifuwa:
Loweruka mudzabweretse envulopu ina.