Mabuku a Pansi pa Bedi

Mwandida Kamphinda amaweruka dzuwa lisanaganize zotuluka,
ngati lituluke n'komwe kuno ku Sunderland.
Usiku wonse watembenuza okalamba khumi ndi awiri,
kuwapukuta, kuwamwetsa mapilitsi,
ndipo m'thumba la yunifolomu muli kapepala:
mizere inayi, umodzi wofufutidwa mwaukali.

Ku Ntcheu ankaphunzitsa sitandade sikisi.
Ndakatulo zake zinamvekapo pa wailesi kawiri,
malipiro ake kumva dzina lake likutchulidwa molakwika.
Atafika kuno anakhala duu zaka zitatu.
Amati mawu anauma
ngati madzi mumpope mwezi wa Januwale.

Anawasungunula ndi Bambo Ridley a m'chipinda chakumapeto,
omwe paunyamata ankawotcherera zitsulo za sitima,
koma tsopano mwana wawo yemwe ankamufunsa kuti ndiwe yani.
Usiku wina atakana tulo
iye anawanong'oneza vesi m'Chichewa.
Sanatolepo ngakhale liwu limodzi.
Anangomugwira dzanja, amvekere: bwereza.
Anabwereza kasanu.

Buku analisindikiza ndi ndalama za ovataimu ya Khirisimasi,
makope mazana atatu, chikuto chobiriwira.
Ku laibulale kunabwera anthu asanu ndi anayi,
awiri mwa iwo pothawa mvula.
Mayi wina anapempha kuti amasulire m'Chingerezi;
anamasulira, ndakatulo n'kuima pamenepo
ngati mwana wovala jekete yobwereka.
Anagulitsa anayi.
Otsalawo ali m'makatoni pansi pa bedi,
ndipo aliyense wopita kumudzi amapatsidwa awiri
kuti akalimbirane malo m'sutukesi ndi nsapato za abale.

Ine ndimagona chipinda choyandikana naye. Khoma ndi lopyapyala.
Ndimamumva akulawa liwu limodzi mpaka masana,
kulilavula, kulitolanso.
Bambo Ridley atamwalira sanalembe kanthu,
anangochapa makatani onse a m'nyumba muno.

Dzulo foni yalira tikudya.
Kamtsikana ka ku Ntcheu, kosadziwika, kakulakatula tsamba lachisanu,
kumbuyo kwake mbuzi ndi phokoso la chigayo.
Pomwe iye analemba kuti "ndasowa kwathu"
iko kanati "ndasowa kwathunthu."

Mwandida anamvetsera katatu osatafuna.
Kenaka anagwada, n'kukoka katoni yoyamba,
n'kundipatsa cholembera.
Akuti mwanayo ndiye wakhoza.
Tafika pa buku la makumi asanu ndi limodzi,
ndipo basi yake inyamuka seveni koloko.