Zipsera Ziwiri za Ndudu

Lachinayi usiku, Chicago atazizira mpaka m'mano,
ndinali mochapira zovala mwa a Yoon,
makina achitatu akuzunguza malaya a mwana wanga.
Pamwamba pa chitseko kawailesi ka kanema
kankangong'ung'udza kokha.

Filimuyo dzina sindiidziwa.
Bala yodzaza utsi, zaka zamakedzana,
mnyamata wa suti yothina pampando wautali
atafungata gitala yamimba yaikulu,
yofiirira pakati, yakuda m'mbali ngati buledi wopserera.

Sokosi inandipulumuka m'manja.

Kumutu kwake, pomangira nsambo,
panali zipsera ziwiri,
chachikulu ndi kamwana kake,
pomwe bambo anga, Odell Malveaux,
ankapanikiza ndudu akayamba kuimba
n'kuiiwala mpaka idye thabwa.
Mayi ankati, tsiku lina mudzatentha nyumba inu.
Anatentha gitala yokha.

Anakaisiya pa pinyolo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
mwezi umene mlongo wanga anagonekedwa ndi chibayo.
Madola makumi asanu ndi atatu.
Kapepala kachikasu kanakhala m'chipewa chawo
zaka khumi ndi ziwiri.
Tinakapeza titabwerako kumanda.

Lero nayi, yasamba,
wina waipukuta ngati nsapato za mkwati.
Mnyamatayo ndi wokongola, sindikana,
koma zala zake zikunama.
Nyimbo ikukwera, dzanja likutsika.
Nyimbo yapuma, iye akadakandabe.
Woimba weniweni ali kwina,
m'chipinda chopanda zenera, pa gitala ina,
analandira zake kalekale, anapita kukagona.

Ndi ya bambo anga iyo, ndinatero.
A Yoon anasiya kuwerenga makobidi.
Filimu?
Ayi, gitala.
Sanafunsenso. Anakoka mpando, anakwerapo,
munthu wamkulu, bondo likulira,
n'kukweza mawu.

Mochedwa. M'balamo mwabuka ndewu,
botolo lasweka, mkazi wakuwa,
mnyamata wayedzamiritsa gitala kukhoma
ngati tsache.
Bambo akadaona, akadalowa m'kanemamo ndi lamba.
Iwo ankaigoneka m'bokosi lake chagada,
pambali kagawo ka apozi m'kansalu
kuti thabwa lisaume m'chisanu,
ife tikumezera malovu.

Mphindi ziwiri sizinakwane.
Kenako magalimoto kuthamangitsana,
kupsompsonana pa mlatho,
bambo wina wadazi kutsatsa matiresi.

Ndinakhalabe. Zovala zinauma, zinazizira,
mayi wina anazitulutsa n'kuziunjika patebulo
akundiyang'ana cham'mbali.
Ndinadikira mayina a kumapeto
monga tinkadikirira pawindo la chipatala.
Anakwera onse: wopesa tsitsi, wonyamula nyali,
wophika, woyendetsa lole,
ngakhale galu, galu ali ndi dzina lake.
Za gitala, zii.

Ndiye imagona kuti ikaweruka?
Ndikuganiza chinyumba cha malata ku California,
mashelefu mpaka kudenga,
matelefoni osalira, mfuti zosaphulika,
mabotolo a wisiki odzaza tiyi,
iyo pakati pawo, kanambala kakulendewera m'khosi,
kudikira filimu ina yofuna utsi ndi chisoni.
Kuli amene amaimasulako nsambo?
Kuli amene anainunkhizapo m'mimba
n'kumva thukuta la Loweruka,
sitima yomaliza ya usiku,
bambo akukwera masitepe mwakachetechete
nsapato m'dzanja limodzi, iyo m'dzanja linalo?

A Yoon anazimitsa magetsi a kumbuyo.
Amabwereza Lamlungu masana, anatero,
akuyang'ana m'kabuku ka mapulogalamu.
Mubwere, ngakhale opanda zochapa.

Ndinanyamula dengu langa m'chiuno
cha kumanja, pomwe iwo ankaitsamiritsa.
Panja mphepo ya m'misewu inandiwomba mbama.
Pa Cottage Grove basi inachedwa,
ndipo ndinapeza zala zanga za kumanzere
zikuyenda pa mkombero wa dengu,
ine amene sanandiphunzitse kalikonse,
poti ankati gitala imadyetsa mwini pinyolo yekha.