Mpweya wa Fortunato

Usiku wa ku Potosí umaluma zala.
Ndakhala pa mpando wachitsulo, wodi ya amuna,
ndikuwerenga mpweya wa mwamuna wanga
monga ndimawerengera makobidi pamsika:
umodzi, wachiwiri,
wachitatu wachedwa.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
Fortunato ankalowa m'mimba mwa phiri lofiira,
nyali pamphumi, masamba a koka m'tsaya.
Phiri linatipatsa nsapato za Wilfredo,
malata asanu ndi atatu, dzino langa lakutsogolo.
Kenako linabwera kudzatenga ngongole yake:
fumbi louma ngati simenti m'mapapo.

Adokotala anandionetsa chithunzi cha chifuwa chake,
mbuu paliponse, ngati chisanu pa udzu m'mamawa.
Ndinati, kodi kuyera si ndiye kuchira?
Anayang'ana nsapato zawo.

Ndiye ndikufunsa Inu, Mwini mpweya.
Munauzira dothi, dothi nkudzuka kuyenda.
Bwanji lero mwalola dothi lomwelo
kubwerera kudzatseka mphuno zomwe munauziramo?
Mpweya wadzaza dziko, waulere,
galu wa pachipata akuupuma osathokoza,
koma wa Fortunato uli m'botolo lachitsulo
lomwe ndimalipira Lachisanu lililonse.

Mlamu wanga Teodora akuti ndi chilango.
Ankamwa Loweruka, inde, sindimubisira.
Koma bwana wa mgodi, amene anatsekera m'kabati
zophimba kukamwa kuti asunge ndalama,
akupuma bwinobwino ku Sucre,
pansi pa mtengo wa malalanje.
Gawo limeneli sindikuikirani Inu, Ambuye.
Kabatiyo anakhoma ndi munthu.
Koma kiyi munkamuona pomwe ali.

Bambo Anselmo anafika Lachitatu, jasi lonyowa.
Ndinawatchera funso langa ngati msampha.
Anakhala chete mpaka tiyi anazizira.
Kenako anati, Basilia, sindidziwa.
Ndaika anthu ambiri m'manda, sindidziwabe.
Analoza kamtanda ka pakhoma, kolendewera mopendama:
umadziwa chimapha munthu pamenepo?
Si misomali. Ndi mpweya.
Chifuwa chimatopa kudzikweza.

Atapita ndinakayang'ana kamtandako nthawi yaitali.
Nthiti zake zikuwerengeka ngati za mwamuna wanga.
Si yankho limenelo, ndinatero mumtima.
Koma sindinathenso kunena
kuti Inu simudziwa kukoka mpweya wosabwera.

Cha m'ma thiri koloko Fortunato anatsegula maso.
Anandikoka mkono, mawu akutuluka limodzilimodzi.
Nyali ikazima pansi paja, anatero,
sufunsa chifukwa chake kuli mdima.
Umapapasa njanji ya ngolo.
Njanji imadziwa kotulukira.
Ndinati, nanga iwe waipeza?
Anati, pali wina patsogolo. Ndikumva nsapato zake.

Anagonanso.
Ndinayambiranso kuwerenga.
Umodzi. Wachiwiri.
Ndinadikira wachitatu mpaka zenera linayera,
mpaka malole a ku mgodi anayamba kukwera phiri
atanyamula ana a anthu ena.

Namwino anatseka botolo lija.
Mwatsala theka, anatero, mukufuna tichite nalo bwanji?
Ndinati, mupatseni mnyamata wa bedi lachinayi.

Funso langa sindinalitaye, Ambuye.
Ndalikulunga mu nsalu pamodzi ndi nyali yake,
ndidzabwera nalo ndekha, ndidzaliika m'manja mwanu,
m'manja obooka aja,
ndione ngati lidzakhalamo kapena lidzagwera pansi.
Pakadali pano Wilfredo akufuna kulowa mgodi mwezi wamawa,
ndipo ine ndaima pakhomo.
Ndipatseni mpweya wokwanira
kunena kuti ayi.